Wanjinga Akagundidwa, Ndani Wolakwa? Chilobwe Akufuna Yankho

Aliyense amene amalawirira kuchoka ku Chilobwe kukasaka ya ndiwo m'tauni akudziwa chimene ndikufuna kunena pano. Isanakwane 6 koloko m'mawa msewu wotsikira ku Stella Maris umakhala utadzaza kale. Maminibasi akulimbirana anthu, akabaza a njinga zamoto akudzipanikiza paliponse, ana akuthamangira ku sukulu, amayi asenza madengu a tomato. Ndipo cha kumphepete kweni-kweni, kumene phula linakukutika kale-kale, kuli bambo akupalasa njinga yake. Mwina ndi mlonda amene wachezera usiku wonse pa geti ya bwana ku Sunnyside. Mwina ndi wamakala amene wakankha matumba atatu kuchokera kutali. Mwina ndi mmisiri wa matabwa, sowo yake atamangirira pa kaliyala.

Kenaka phokoso. Mabuleki, chitsulo, kukuwa. Anthu athamangirako. Bambo uja ali thapsa m'ngalande, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira. Mwini galimoto atuluka, ndipo choyamba kuyang'ana si munthu ayi, koma galasi ndi penti ya galimoto yake. Mawu ake oyamba ndi akuti: "Anthu anjinga inu simumva! Taona wandiphwanyira nyali." Ena mwa oonerera, amenenso alibe ngakhale tayala la galimoto kwao, avomereza: "Eya, anjinga amaonjeza." Mlandu watha pomwepo. Woweruza ndi mwini galimoto, mboni ndi mwini galimoto, ndipo wozengedwa mlandu sanayankhe kanthu chifukwa wakomoka.

AMalawi anzanga, ine ndikuti khalidwe limeneli ndi lonyansa, ndi losemphana ndi malamulo athu, ndipo ndi chotsalira cha ulamuliro umene tinaukana pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Tinachotsa chipani chimodzi ku Sanjika koma tinachisiya chikulamulira pamsewu. Pamsewu pathu lamulo likadali lija lakale: wamkulu salakwa, wamng'ono apatuke.

Chilobwe akudziwa za milandu yogamulidwa kale

Ngati pali malo m'Malawi muno amene sayenera kuphunzitsidwa kuopsa kwa kuweruza munthu asanamvedwe, malowo ndi Chilobwe. Akulu-akulu akukumbukira zaka za 1968 mpaka 1970 pamene anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zao kuno ndi m'madera oyandikana nawo. Anthu anali ndi mantha, boma linali ndi manyazi, ndipo aliyense ankafuna wina woti amuloze chala. M'chaka cha 1969 anthu asanu anazengedwa mlandu ku High Court ndipo anamasulidwa poti umboni unali wosakwanira. Andale anakwiya, nati makhoti a chizungu ndi maloya akutchinjiriza zigawenga. Zotsatira zake, Nyumba ya Malamulo inapatsa makhoti a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya kupha, kumene munthu sankaloledwa kukhala ndi loya. Pambuyo pake munthu wina, Walla Laini Kawisa, ndiye anapezeka wolakwa pa kuphana kuja. Koma makhoti aja anakhalabe, ndipo ndi omwewo amene mu 1983 anagamula kuti a Orton Chirwa ndi mai Vera Chirwa aphedwe.

Nanga mawu akuti "ngozi ya pamsewu" tayiwala kodi mmene boma linawagwiritsira ntchito? Mu Meyi 1983 tinauzidwa kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Panali galimoto yogubuduzika, panali chilengezo cha boma, zonse zinali m'malo mwake. Panapita zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha, limene linakhazikitsidwa mu 1994, linene poyera kuti anthu aja anachita kuphedwa ku Thambani ndipo ngoziyo inali yochita kukonza.

Sindikunena kuti ngozi ya wanjinga ku Chilobwe ndi yofanana ndi za ku Thambani. Ndikunena kuti ife, mwa anthu onse, tinaphunzira ndi misozi kuti pepala la boma lofotokoza ngozi si Baibulo, ndipo kuti nkhani yosimbidwa ndi wamphamvu yekha iyenera kufunsidwa kawiri. Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Tisamangoona kuti wanjinga wagwa, tifunse chamugwetsa.

Malamulo akuti chiyani?

Anthu ambiri amaganiza kuti msewu ndi wa magalimoto ndipo wanjinga amangobwerekako. Limeneli ndi bodza. Pansi pa lamulo la Road Traffic Act la 1997, wopalasa njinga ndi wogwiritsa ntchito msewu monga wina aliyense. Ali ndi udindo wake: kuyenda kumanzere, kukhala ndi mabuleki ogwira, kuoneka usiku, kupereka chizindikiro asanakhote. Koma alinso ndi malo ake pa phulalo. Dalaivala wofuna kumupitirira ayenera kumudutsa kumanja, motalikira bwino, ndipo ngati malo palibe ayenera kudikira. Hutala si lamulo. Kuliza hutala sikupatsa munthu ufulu wokankhira mnzake m'ngalande.

Makhoti athu ananena kale-kale za udindo wa dalaivala. Pa mlandu wa Banda ndi anzake kutsutsana ndi ADMARC, wa m'chaka cha 1990, Jaji Richard Banda, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa majaji onse, anafotokoza kuti woyendetsa galimoto ali ndi udindo wosamalira ena onse amene ali pamsewu ndi m'mphepete mwake; kuti dalaivala wodziwa ntchito yake sathamanga mopitirira muyeso, amayang'anitsitsa kutsogolo ndi m'mbali, ndipo amamvera zizindikiro za pamsewu. Majaji akhala akubwereza mfundo imeneyi mpaka lero. Palibe pamene pakuti udindowu umatha ngati wogundidwayo wavala sanza kapena wanyamula makala.

Ngozi ikachitika, lamulo likuti dalaivala ayime, aone ngati pali wovulala, amuthandize mmene angathere, apereke dzina ndi keyala yake, ndipo akanene kupolisi. Kuthawa ndi mlandu pawokha.

Chinanso chimene anthu sauzidwa ndi ichi. Kulakwa pa ngozi si mbuzi yoti ikhale ya munthu mmodzi yathunthu. Khoti likhoza kugawa. Tiyerekeze kuti wanjinga analibe nyali usiku, koma dalaivala nayenso amathamanga ngati wathawa maliro, pamalo podzaza anthu. Woweruza akhoza kunena kuti wanjinga analakwa magawo 30 pa 100, dalaivala magawo 70 pa 100, ndipo wanjinga alandira chipukuta misozi chochotserako magawo 30 aja. Sabwerera chimanjamanja. Tsono amene amauza wovulala kuti "unalibe nyali, ulibe mlandu, pita kwanu" akumunamiza kuti amubere.

Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikuyenera kukhala ndi inshuwalansi yotchinjiriza anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Cholinga cha kapepala kaja ka pagalasi si kusangalatsa apolisi pa rodibuloko. Ndi cha bambo uja ali m'ngalande. Lamulo limamulola kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Inshuwalansi ili ndi malire a ndalama zimene imalipira, koma zotsalazo zimakhala pamutu pa dalaivala, ndiponso pa bwana wake ngati dalaivalayo anali pantchito. Munthu akamwalira, mkazi wake, ana ake ndi ena amene ankadalira thukuta lake ali ndi ufulu wopempha chipukuta misozi. Ndipo dziwani kuti lipoti la apolisi si chigamulo. Wogamula ndi khoti. Ngakhale dalaivala asazengedwe mlandu ndi boma, wovulala akhoza kusuma payekha, ndipo pa mlandu wotere safunika kutsimikiza mopanda chikaiko chilichonse ayi, koma kungoonetsa kuti mbali yake ndiyo yomveka kuposa ya mnzakeyo. Chenjezo ndi lakuti milandu ya kuvulala ili ndi malire a zaka 3. Makolo anati mlandu suola, koma ku khoti mlandu wotere umaola.

Nanga chimavuta n'chiyani?

Ngati malamulo ali chonchi, bwanji anjinga ambiri amangotsala ndi ndodo zoyendera ndi njinga yopindika? Yankho lili pa funso limodzi: ndani ayenera kubweretsa umboni? Malamulo amene tinatengera kwa Angerezi amati wosumayo ndiye atsimikize kuti dalaivala anachita mosasamala. Pa pepala zikuoneka zachilungamo. Koma taganizani mmene zimakhalira.

Pamene wanjinga akunyamulidwa kupita ku chipatala, dalaivala ali pamalo a ngozi kapena ali kale kupolisi, akupereka sitetimenti yake, m'Chingerezi chosalala. Galimoto yasunthidwa kale. Njinga yatoledwa ndi achifundo kapena ndi akuba. Zizindikiro za matayala zafufutika ndi fumbi ndi mapazi. Mboni zinali zambiri, koma aliyense amathamangira ku ntchito, ndipo ndani akufuna kutaya tsiku la geni kukakhala pa benchi ya khoti? Wovulalayo akadzatsitsimuka patapita masiku, apeza nkhani inalembedwa kale: "wanjinga analowa mwadzidzidzi pamsewu." Mawu amenewa tawamva kambirimbiri mwakuti munthu ungaganize kuti anjinga onse a m'Blantyre anapangana zodzipha. Ndipo ngati wamwalira, ndiye basi, wakufa sapereka sitetimenti.

Kenaka pamabwera chija chotchedwa "tiyeni tikambirane". Bwana afika ku wodi ndi botolo la Sobo, buledi ndi kandalama ka mu envelopu. Alankhula mokoma: "Achimwene, za kukhoti zimachedwa, tingothana pachibale." Munthu amene ana ake agona ndi njala masiku atatu alandira, nasayina kapena kudinda chala pa pepala limene sanaliwerenge. Patapita miyezi isanu ndi umodzi ndi pamene adziwa kuti mwendo sudzapalasanso. Ndalama ija inatha sabata yomweyo. Uku si kukambirana, abale anga. Kukambirana kumachitika pakati pa anthu awiri oyima. Apa mmodzi wagona chagada ndi diripi pamkono.

Tisabisenso mawu pa nkhani ya ziphuphu. Si wapolisi aliyense amene amalandira, ndipo alipo amene amalemba zoona ngakhale akuopsezedwa. Koma ndani mwa ife angaike dzanja pamtima n'kunena kuti sanamvepo za lipoti limene linasintha nkhope usiku umodzi? Pakati pa mwini Prado ndi mwini njinga ya kapalasa, ndani ali ndi cha m'thumba choyankhulira? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo amene wapirira mpaka kukafika kwa loya amakumananso ndi mavuto ena: mlandu kuyimitsidwa-yimitsidwa, kampani kuzengereza kulipira ngakhale khoti litagamula, ndi anthu ena ozungulira m'zipatala kusaka ovulala ngati miimba, amene ndalama zikatuluka mwini bala amalandira nyenyeswa.

Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinawalandira mu 1994, likuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo ndipo munthu asasalidwe chifukwa cha chuma chake kapena kusowa kwake. Gawo 41 likuti aliyense ali ndi ufulu wofika ku khoti ndi kulandira chithandizo cheni-cheni ufulu wake ukaphwanyidwa. Kodi magawo amenewa amathera pa Ginnery Corner? Kodi sakwera mtunda wa ku Chilobwe?

Madalaivala nawo ali ndi mawu

Ndikudziwa kuti ena mwa inu amene mukuwerenga nyuzi ino muli pa chiwongolero tsiku ndi tsiku, ndipo mwayamba kale kutukwana. Mukuti anjinga amayenda usiku opanda nyali atavala zakuda. Mukuti amakhota osakweza mkono, amayenda mbali yolakwika, amanyamula matumba otambalala kuposa khomo la nyumba, ena amapalasa atakhuta kachasu. Zonsezi ndi zoona, ndipo sindidzaziikira kumbuyo. Wanjinga wochita zotere akulakwira lamulo, akulakwira banja lake, ndipo khoti liyenera kumuwerengera kulakwa kwake.

Koma kulakwa kwa anjinga ena si umboni wakuti wanjinga uyu, lero, pamalo pano, ndiye walakwa. Madalaivala angati amayendetsa ataledzera Loweruka usiku? Maminibasi angati ali ndi matayala osalala ngati mutu wa dazi? Angati ali ndi laisensi yogula? Kodi tinene kuti dalaivala aliyense ndi chidakwa chifukwa cha amenewo? Ngati inu simufuna kuweruzidwa ndi machimo a anzanu, musaweruze wanjinga ndi machimo a anzake.

Mukutinso mumathawa pamalo a ngozi poopa kuphedwa ndi gulu la anthu. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo ndikunena mosapsatira kwa anzanga a ku Chilobwe, Zingwangwa, Bangwe ndi Ndirande: kugenda dalaivala kapena kutentha galimoto ndi uchigawenga. Kumapatsa dalaivala chifukwa chothawira, kumachedwetsa wovulala kufika ku chipatala, ndipo kumaononga umboni womwewo umene ukanamuthandiza. Koma wothawa gulu amathawira kupolisi yapafupi, sathawira ku garaji kukawongola bampala usiku. Ndiponso tidzifunse chifukwa chake anthu amatola miyala. Amatola chifukwa sakhulupirira kuti bwanayo adzaonekera pamaso pa woweruza. Chilungamo chikamagwira ntchito, miyala imakhala pansi.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene palibe angachitsutse. Galimoto yaing'ono imalemera pafupi-fupi makilogalamu 1,000 kapena kuposa. Njinga sikwana ngakhale 30. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa pafupi-fupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndiye kuti dalaivala akangoyang'ana foni kamphindi, wayenda mtunda wonsewo ali wakhungu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki ayimitse galimoto umawirikiza kanayi. Wanjinga akalakwitsa amadzipweteka yekha. Dalaivala akalakwitsa amapha wina. Wanyamula mfuti ndi wanyamula ndodo sangapatsidwe udindo wofanana. Bungwe la za umoyo padziko lonse, WHO, mu lipoti lake la 2015 linaika Malawi pakati pa maiko atatu oipitsitsa pa imfa za pamsewu, pafupi-fupi anthu 35 pa anthu 100,000 alionse pachaka. Dziko la magalimoto ochepa chonchi! Ndiye akufawo ndani, ngati si oyenda pansi, apanjinga ndi okwera matola?

Inu amene munaona maiko ena

Inu amene munabwerako ku ukapolo wa ndale, amene munakhala ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare, ku London ndi kwina, munalonjeza kuti mudzabweretsa nzeru za kunja. Nazi zina zoti mutikumbutse.

Ku Netherlands lamulo la pamsewu limati galimoto ikagundana ndi wanjinga kapena woyenda pansi, mwini galimoto ndiye ali ndi udindo wolipira pokhapokha ataonetsa kuti panalibe chilichonse chimene akanachita. Makhoti a kumeneko anawonjezera kuti mwana wosakwana zaka 14 amalandira chipukuta misozi chonse, ndipo wamkulu, ngakhale atalakwitsa, amalandira chosachepera theka, kupatula ngati anachita dala kapena mosasamala koopsa. Ku France lamulo la 1985, lodziwika ndi dzina la nduna Robert Badinter, limatchinjiriza anjinga ndi oyenda pansi mofananamo, maka-maka ana osakwana zaka 16 ndi okalamba opitirira zaka 70. Ngakhale ku Britain, kumene tinatengera malamulo athu, mu 2022 anasintha buku la malangizo a pamsewu n'kunena kuti amene angavulaze kwambiri ndiye ali ndi udindo waukulu, ndipo dalaivala asiye mpata wa mita imodzi ndi theka podutsa wanjinga m'tauni.

Wina ati zimenezo ndi za azungu olemera. Koma Adatchi sanabadwe nazo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu oposa 3,000 ankafa pamisewu yao chaka chilichonse, mazana mwa iwo ali ana, mpaka makolo anakwiya n'kuyamba zionetsero. Anasintha ndi mkwiyo wa anthu wamba, monga mmene ife tinasinthira boma. Ndipo pafupi pompa, ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, kuli thumba la Road Accident Fund limene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, ndipo limalandira madandaulo ngakhale a munthu wogundidwa ndi galimoto yothawa yosadziwika. Thumbalo lili ndi mavuto ake a ngongole ndi kuchedwa, koma mfundo yake ndi yabwino. Ifenso timalipira msonkho wa misewu pa lita iliyonse ya mafuta. Bwanji kagawo kena osapita kwa amene misewuyo yawalumaza?

Tisaiwalenso wolakwa wachitatu amene satchulidwa mu lipoti lililonse: amene anamanga msewu. Misewu yolowa m'makomboni athu ndi yopapatiza, m'mphepete mwake munadyeka, ngalande zili pululu, magetsi a mumsewu ndi osowa. Namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche n'kukwirira abale athu ku Chilobwe, anaonongeratu misewu ndi milatho yambiri mumzinda muno. Dalaivala akamazemba dzenje amakhotera kumene kuli wanjinga. Wanjinga akamazemba ngalande amalowa kumene kuli galimoto. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi a Roads Authority akamajambula msewu, amaganizira ndani? Mabanja okhala ndi njinga m'dziko muno ndi ochuluka kutali-tali kuposa okhala ndi galimoto. Agogo athu ankabwera ku Joni ndi ku Halale atanyamula Humber kapena Raleigh ngati chuma cha moyo wao wonse. Njinga ndiyo imafikitsa makala, mkaka, chimanga ndi odwala kumene akupita. Koma misewu timamangira ochepa aja, ngati masiku amene msewu wonse unkatsekedwa maola ambiri kuti munthu mmodzi adutse.

Tikufuna izi

Choyamba, aphungu athu asinthe lamulo kuti pa milandu ya chipukuta misozi, galimoto ikagunda wanjinga kapena woyenda pansi, dalaivala ndi kampani yake ya inshuwalansi ndiwo aonetse kuti sanalakwe. Mvetsetsani bwino: sindikunena za kumanga munthu. Pa mlandu wopita nawo kundende aliyense ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, monga gawo 42 likunenera, ndipo ife a ku Chilobwe tikudziwa mtengo wa kutaya mfundo imeneyo. Ndikunena za amene ayenera kusenza katundu wa umboni pa nkhani ya kulipira. Asenze amene ali ndi inshuwalansi ndi loya, osati amene ali ndi pulasitala. Akuti mtengo wa inshuwalansi udzakwera. Mwina udzakweradi pang'ono. Koma lero mtengowo ukulipiridwa kale, ndi amasiye.

Chachiwiri, lipoti la ngozi lisatsekedwe wovulala asanamvedwe, m'chilankhulo chake, atachira mokwanira kuti ayankhule. Apolisi ajambule malo, ayeze mtunda, alembe maina a mboni, ayeze mowa dalaivala nthawi yomweyo, ndipo wovulala kapena abale ake apatsidwe lipotilo mosavutitsidwa. Wapolisi wokhotetsa lipoti akanenezedwe ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, ndipo bungwelo lionetse mano.

Chachitatu, a Legal Aid Bureau asadikire kuti munthu wothyoka msana akwere masitepe a ofesi yao. Apite okha m'mawodi a ovulala, monga ku Queens, kukauza anthu ufulu wao asanadinde chala pa pepala la munthu. A Reserve Bank, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi, alange kampani yozengereza kulipira, ndipo a Malawi Law Society athane ndi mamembala ao odya za ovulala.

Chachinayi, pakhale thumba lothandiza ogundidwa ndi magalimoto othawa kapena opanda inshuwalansi. Chachisanu, pamisika, pamasukulu ndi pamasiteji a m'makomboni liwiro litsike kufika makilomita 30 pa ola, monga maiko anagwirizana pa msonkhano wa ku Stockholm mu 2020, ndipo msewu uliwonse watsopano ukhale ndi njira ya njinga ndi ya oyenda pansi. A Directorate of Road Traffic and Safety Services aonetsetse kuti palibe wolandira laisensi asanadziwe kudutsa wanjinga.

Kwa inu achimwene apanjinga, mawu anga ndi awa. Pa riferendamu tinavotera nyali, musayende mumdima. Gulani nyali, ikani chonyezimira kumbuyo, konzani mabuleki, yendani kumanzere, kwezani mkono musanakhote, ndipo mukamwa ikankheni njingayo. Musapatse munthu chonamizira. Tsoka likakugwerani, musasayine kanthu muli pa bedi la chipatala, sungani mapepala onse a dokotala, sungani njingayo mmene yapindikiramo, ndipo funsani a zamalamulo msanga.

Kwa inu oonerera, ntchito yanu si kugenda kapena kungojambula wovulala kuti mutumize pa WhatsApp. Lembani nambala ya galimoto, jambulani pamene yaima isanasunthidwe, thandizani kunyamula munthuyo, ndipo siyani dzina lanu kuti mudzachitire umboni. Tinakhala zaka 30 tikuti "sindinaone kanthu" poopa a Payoniya. A Payoniya anatha mu 1993. Mantha atsalira chiyani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo kwa inu mabwana, aphungu ndi nduna, ambiri mwa inu munapita ku sukulu mutakwezedwa pa kaliyala ya bambo anu, ndipo fizi yanu inachokera pa njinga yomweyo. Chisankho chikayandikira mumabwera ku Chilobwe kudzapempha voti ya wanjinga, ndipo tsiku limenelo voti yake imalemera chimodzi-modzi ndi yanu. Tikufuna kuti mawu akenso alemere chimodzi-modzi ndi anu pamene wagona m'ngalande. Phungu amene adzabwere kuno ulendo wina adzatiuze kaye kuti lamulo limeneli walifikitsa pati ku Nyumba ya Malamulo. Akapanda yankho, abwerere ndi Prado yake, ndipo potsika mtunda wa Stella Maris ayende pang'ono-pang'ono.